Mbiri ya Kukhwacha Gitala

Palibe mudzi kwathu kuno umene sunamvepo kulira kwa gitala, ndipo m'mipingo yambiri anyamata a kwaya amabwera nayo tsiku Lamulungu. Palibenso mphunzitsi wa nyimbo amene sanaonepo ichi: mnyamata wogwira gitala koyamba, maso ake onse amakhala pa dzanja lamanzere limene lipanikiza nsambo, koma dzanja lamanja limene likhwacha saliyang'ana konse, pakuti ayesa kuti kukhwacha n'kwa munthu aliyense. Pakutha milungu itatu adziwa magwiridwe anayi kapena asanu a zala, amene anyamata amawatcha makiyi. Koma akati aimbe nyimbo anzake sangathe kumtsata, chifukwa pofuna kusuntha zala, dzanja lamanja liima, nyimbo niduka. Tifuna kufotokoza muno kuti vuto limeneli n'lakale ndithu, ndi kuti anthu a maiko akutali analimbana nalo zaka zoposa 400, pofunafuna njira yolembera dzanja lamanja papepala.

Nkhani iyambira ku dziko la Spain. Pakati pa zaka za 1500 ndi 1600 kumeneko kunali zoimbira ziwiri zofanana thupi koma zosiyana ulemu. China chinali vihuela, cha nsambo zomangidwa ziwiriziwiri m'magulu 6, ndipo chimenechi chinali cha m'nyumba za mafumu ndi anthu achuma. Wochiimba anali kuliza nsambo imodziimodzi ndi nsonga za zala, kotero kuti mawu atatu kapena anayi anali kuyendera pamodzi monga achitira m'kwaya; ndipo luso lotere munthu analipeza patapita zaka zambiri, ali ndi mphunzitsi wolipidwa. Luis Milán anasindikiza buku lake la vihuela ku Valencia m'chaka cha 1536, ndipo pofika 1576 mabuku otere anakwana 7. Chinacho chinali gitala, yochepa thupi, ya magulu anayi a nsambo, amene pambuyo pake anawonjezedwa nakhala asanu. Nsambo zake zinali za matumbo a nkhosa. Imeneyi inali ya m'misewu, ya m'nyumba za ometa tsitsi ndi ya pamagule, ndipo eni ake anali kumenya nsambo zonse pamodzi ndi zala, kutsitsa ndi kukweza. Kuliza imodziimodzi kuja anakutcha punteado, ndipo kumenya zonse pamodzi anakutcha rasgueado, ndiko kukhwacha kwathuku.

Munthu woyamba kusindikiza buku lophunzitsa kaimbidwe ka anthu wambaka sanali woimba wa kwa mfumu ai, koma dotolo wa mankhwala, Joan Carles Amat, wa m'mudzi wa Monistrol ku Catalonia, amene anatumikiranso amonke a pa phiri la Montserrat. Kabuku kake kanatuluka ku Barcelona cha m'ma 1596, iye akali mnyamata wa zaka zopitirira pang'ono 20. Kosindikizidwa koyambako kanatayika, ndipo kakale koposa kamene kalipo lero n'ka 1626. Chifukwa chimene anapereka cholembera kabukuko chititsekesa ife aphunzitsi, komanso chitichititsa manyazi pang'ono: anaona kuti anthu a kwawo ngopsa mtima msanga, ndi kuti ophunzitsa gitala amatopa naye wophunzira pakangopita masiku atatu. Tsono anafuna kuti wosiyidwayo akhale ndi pothawira. Paja akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pepala limadekha kuposa munthu.

Gitala ya Amat inali ya nsambo 9, yoyamba iri yokha, zinazo ziwiriziwiri, ndipo makungidwe ake afanana ndi a nsambo zisanu zoonda za gitala yathu ya lero. Iye anaonetsa magwiridwe 24 a dzanja lamanzere, 12 a mawu owala ndi 12 a mawu onga achisoni, nawapatsa manambala kuyambira 1 kufikira 12, nawajambula mozungulira ngati nkhope ya wotchi, kuti munthu athe kusamutsa nyimbo ikakwera kopambana mawu ake. Wophunzira sanafunike kudziwa manotsi. Anangoloweza manambala, naika zala, nakhwacha. Kabuku kameneka kanasindikizidwa mobwerezabwereza zaka zoposa 200, ndipo mabuku a nyimbo amene anakhala moyo wotalika chotero ngowerengeka. Koma wowerenga mosamala aona kuti pafupifupi zonse dotoloyo anazilembera dzanja lamanzere. Za dzanja lamanja ananena zochepa, nasiyira khutu kuti liphunzire kwa nyimboyo. Kwa mnyamata wa ku Barcelona, amene anamva magulewo kuyambira ali kumsana kwa amake, kumeneko kunali kokwanira. Koma kwa mlendo kunali ngati kumpatsa khasu lopanda mpini.

Alendowo anali anthu a ku Italy. Masiku amenewo mzinda wa Naples ndi mzinda wa Milan inali pansi pa mfumu ya Spain, ndipo gitala inaoloka nyanja pamodzi ndi asilikali ndi antchito a boma. Anthu a ku Italy anaikonda, koma magule ake sanabadwe nawo, motero panafunika wina wowalembera kayendedwe ka dzanja. M'chaka cha 1606 Girolamo Montesardo anasindikiza ku Florence buku limene linayesa kuchita chimenechi. M'malo mwa manambala iye anatchula magwiridwe a zala ndi zilembo, monga ena anayamba kale kuchita m'zolemba zapamanja, ndipo njirayi inatchedwa alfabeto. Tichenjeze owerenga amene aimba gitala kuti zilembozo sizilingana ndi za lero: chimene Montesardo anachitcha A ndicho chimene ife titi G, B wake ndiye C wathu, ndipo C wake ndiye D wathu. Koma nzeru yake yeniyeni inali iyi. Analemba mzere umodzi wopingasa pepala. Chilembo cholembedwa kunsi kwa mzere chinatanthauza kuti dzanja litsike. Cholembedwa pamwamba pa mzere, kuti likwere. Chilembo chachikulu chinali cha kumenya kotalikirapo, chaching'ono cha kumenya kofulumira. Pa chilembo chimodzi munthu anaona zinthu zitatu: pogwira zala, kolowera dzanja, ndi utali wa nthawi.

Wina angafunse kuti kutsitsa ndi kukweza kusiyana bwanji, popeza nsambo n'zomwezo. Kusiyana kulipo, ndipo yense ali ndi gitala pafupi ayese. Dzanja likatsika liyamba kukhudza nsambo zonenepa, ndipo kulemera kwa mkono kulithandiza, motero mawu atuluka odzaza ndi olemera. Likakwera likhudza kawirikawiri nsambo ziwiri kapena zitatu zoonda zokha, ndipo mawu atuluka opepuka. Wovina amaponda phazi pa kolemerako. Taonani amayi awiri osinja mu mtondo umodzi: musi ukatsika ndipo pamveka kugunda, koma kukwera kwake ndiko kumene kupatsa mnzake mpata, ndipo wina akachedwa kukweza misi iombana. Chotero gule wa kugunda kutatu Montesardo anamlemba motere: kutsitsa, kutsitsanso, kukweza. Wosintha dongosolo limeneli, ngakhale asaphonye nsambo ndi imodzi yomwe, waimba gule wina.

Phunziro loyamba m'buku lake linali kanyimbo kotchedwa passacaglia, kwa eni ake a ku Spain pasacalle, ndiko kunena kuyenda mumsewu. Kunena zoona sikanali nyimbo konse, koma kakhwachidwe kamene woimba anali kuchita pakati pa ndime ndi ndime, popuma ndi pokumbukira mawu otsatira. Kanali ndi magwiridwe atatu okha, ndipo pa chilembo choyamba kanayenda A, B, C, nikabwerera pa A. M'maina a lero ndiye G, C, D, ndi G. Amenewa ndiwo makiyi atatu omwewo amene mnyamata wa ku Ntcheu kapena ku Chipata amayamba nawo. Wophunzira anali kukabwereza pa chilembo china ndi china kufikira dzanja lamanja litazolowera kuyenda losayembekeza lamanzere. Olemba otsatira, kuyambira cha m'ma 1620, anafewetsa njirayo: chilembo anachilemba kamodzi, ndipo kumenya kulikonse anakusonyeza ndi kandodo kakafupi kotsika kapena kokwera kuchokera pa mzere. Timabuku totere tinachuluka ndithu ku Rome, ku Milan ndi ku Venice, ndipo ka Pietro Millioni ndi Lodovico Monte, kolonjeza kuti munthu adziphunzitsa yekha kuimba ndi kukunga, kanali kusindikizidwabe patapita zaka 100.

Sikuti onse anakondwera. Wansembe wophunzira, Sebastián de Covarrubias, polemba buku lalikulu lomasulira mawu a chinenero cha Spain m'chaka cha 1611, atafika pa vihuela anadandaula kuti anthu aisiya chifukwa cha gitala. Gitala anaifanizira ndi belu lomangirira m'khosi mwa ng'ombe, nanena kuti kukhwacha n'kosavuta kotero kuti ngakhale mnyamata wa m'khola la akavalo adziyesa woimba. Dandaulo lake tilimva, pakuti luso la vihuela linali lokongola ndipo linazimiririkadi. Panalinso china: magule ena a gitala anali onyansa m'maso mwa akulu, ndipo gule wotchedwa zarabanda analetsedwa ndi lamulo m'chaka cha 1583. Akulu a mpingo kwathu kuno, amene kale anaona gitala ngati chinthu cha pamowa, sanali oyamba kuganiza motero. Koma pa mawu akuti kukhwacha n'kosavuta, tiyesa kuti wansembeyo anaweruza ndi maso osati ndi dzanja. Kuyamba n'kosavuta inde. Koma mabuku omwewo a ku Italy afotokoza kamenyedwe kotchedwa repicco, kamene chala chachikulu ndi zala zina zilandirana potsika ndi pokwera, kugawa kumenya kumodzi panayi, ndipo kameneka sikaphunzirika m'khola.

Posakhalitsa belu la ng'ombe lija linalowa m'nyumba za mafumu. Louis XIV wa ku France anaphunzira gitala akali mwana. Francesco Corbetta wa ku Pavia, woimba woposa onse m'masiku ake, anasakaniza kukhwacha ndi kuliza imodziimodzi, ndipo buku lake la 1671 analipereka kwa Charles II wa ku England. Samuel Pepys, mlembi wa za zombo za mfumu, atamumva mu 1667 anazizwa ndi luso lake, komabe anamva chisoni kuti khama lotere litayidwa pa choimbira chachabe. Ku Spain komweko wansembe wina, Gaspar Sanz, amene anakaphunzira ku Italy, anasindikiza ku Zaragoza mu 1674 buku lophunzitsa njira zonse ziwiri, ndipo anayamba ndi kukhwacha.

Pakati pa 1780 ndi 1800 amisiri a ku Naples ndi kwina anayamba kupanga gitala ya nsambo 6 zosaphatikiza, ndiyo imene tiidziwa ife. Aphunzitsi otchuka a nyengo yotsatira, monga Ferdinando Carulli ndi Fernando Sor, anafuna kuti gitala ilemekezedwe ngati piyano, motero mabuku awo anali a manotsi ndi a kuliza imodziimodzi, ndipo kukhwacha anakupatsa malo ochepa kwambiri. Kunabwerera kumene kunachokera, kwa anthu wamba. Ku Andalusia oimba flamenco anakukulitsa kufikira zala zinayi zitagwa pa nsambo motsatizana ngati matalala padenga la malata, ndipo anaphunzitsana maso ndi maso, bambo ndi mwana, popanda pepala.

Ku America gitala inalandira nsambo za chitsulo, zolira kwambiri koma zopweteka zikhadabo, ndipo ambiri anayamba kukhwachira kachidutswa ka chigoba cha kamba wa m'nyanja, kamene pambuyo pake kanalowedwa m'malo ndi pulasitiki. Mayi wina wa kumapiri a Virginia, Maybelle Carter, amene banja lake linajambula nyimbo koyamba ku Bristol, Tennessee, mu 1927, anatchuka ndi njira yoliza nyimbo yeniyeni pa nsambo zonenepa ndi chala chachikulu, pamene chala chamkombaphala chiri kukhwacha zoonda. Munthu mmodzi namveka ngati awiri. Ku England, mu 1956, nyimbo za Lonnie Donegan zotchedwa skiffle zinasonyeza anyamata kuti makiyi atatu ndi dzanja lolimba n'zokwanira kuyambira gulu. Chaka chotsatira Bert Weedon anatulutsa buku lake Play in a Day, limene dzina lake lilonjeza kuimba m'tsiku limodzi. Aphunzitsi a Amat anali kutopa m'masiku atatu. Uyu anachotsapo awiri. Komabe oimba ambiri otchuka a dzikolo, monga Paul McCartney ndi Eric Clapton, anadzera m'buku limenelo. John Lennon anayamba ndi magwiridwe a banjo amene amake anamphunzitsa.

Tsono tifike kwathu. Gitala ndi banjo zinadza makamaka ndi amuna obwera ku ulendo, ochokera ku Joni, ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, ku Bulawayo ndi ku migodi ya kopa, ndiponso ndi asilikali obwerera ku nkhondo yachiwiri itatha mu 1945. Anadza nazo pamodzi ndi magalamafoni ndi mbale zake, ndipo amene analibe ndalama anasema banjo yake ndi mtengo, chikopa ndi waya. Mabuku a Montesardo kapena a Weedon sanafike m'midzi. Koma kukhwacha sikunali kwachilendo, pakuti mawu amenewa tinali nawo gitala isanabwere. Oimba bangwe a kum'mwera ndi a ku chigwa cha Shire ndi cha Zambezi ali ndi kaimbidwe kamene amati mokhwacha: chala cha dzanja lamanja chimenya nsambo zonse za pathabwa mosalekeza, pamene zala za dzanja lamanzere zikhudza nsambo zosafunika kuti zikhale chete. Nyimbo ituluka mwa nsambo zosiyidwa. Tiyesa kuti mwana woleredwa pafupi ndi bangwe, ng'oma ndi mtondo anafika pa gitala ali nacho kale chinthu chimene a ku Florence anavutika kuchilemba. Kwa iye chovuta chinali dzanja lamanzere. N'chodabwitsa kuti adzukulu ake, ophunzira pa mapepala ndi pa lamya za m'manja, abwerera ku vuto la alendo a 1606.

Mwa oimba athu amene dzanja lawo linaphunziridwa mosamala, woyamba kumtchula ndi Daniel Kachamba wa ku Chileka, amene anabadwa mu 1947 namwalira mu 1987. Banja lake linakhala zaka zingapo ku Salisbury, kumene iye anamva kwela, nyimbo ya zitoliro zachitsulo yochokera m'misewu ya Johannesburg, m'mene gitala igwira ntchito yonga ya ng'oma, kuzungulira pa makiyi ochepa osapuma. Atabwerera kwawo anayamba gulu ndi mng'ono wake Donald, woimba chitoliro. Daniel anali kuimba kawirikawiri gitala ya nsambo zisanu, atachotsa imodzi, ndipo posadziwa anafanana chiwerengero ndi magulu asanu a dotolo wa ku Monistrol. Mu 1967 anakumana ku Blantyre ndi Gerhard Kubik wa ku Vienna, wofufuza za nyimbo za Africa, amene analemba buku lonena za gululo natsala bwenzi la banjalo zaka zambiri. Kubik anali atazindikira kale kuti khutu lokha silikwanira polemba nyimbo za kuno, chifukwa woimba amayendetsa dzanja m'njira zina zosatulutsa mawu, ndipo zimenezo ndizo zigwira nyimbo kuti isagwe. Chifukwa chake anajambula oimba pa kanema, nayang'ana zithunzizo chimodzichimodzi, kuti alembe kayendedwe ka dzanja pamodzi ndi mawu omveka.

Kumenya kosamveka kumeneku ndiko kumene Amat anakusiyira khutu, ndipo ndiko kumene tindodo ta ku Italy sitinathe kusonyeza, pakuti tinalemba pokhapo pamene nsambo zilira. Mivi yoloza pansi ndi kumwamba imene ophunzira a lero aiona m'mabuku ndi pa intaneti ndiyo zidzukulu za tindodo timeneto, ndipo chilema cha makolo ikali nacho. Titenge kakhwachidwe kamene ambiri amapatsidwa koyamba, ka kugunda kunayi. Papepala pamaoneka mivi 6: pansi, pansi, m'mwamba, m'mwamba, pansi, m'mwamba. Koma dzanja la woimba wodziwa liyenda kasanu n'katatu, kanayi kutsika ndi kanayi kukwera, molingana ngati musi uja, litapepuka pamfundo pake ndipo chigongono chitangothandiza pang'ono. Litsika pa 1, pa 2, pa 3 ndi pa 4, nilikwera pakati pa manambalawo. Pokwera pambuyo pa 1 lidutsa m'mphepo losakhudza nsambo, ndipo potsika pa 3 lidutsanso m'mphepo. Pa kukweza kotsiriza, pambuyo pa 4, oimba ambiri amanyamuliratu zala zamanzere kupita ku kiyi yotsatira, nsambo zoonda nizilira zosagwidwa kwa kamphindi, ndipo womvera sazindikira kanthu, malinga dzanja lamanja lifike pa 1 m'nthawi yake. Pa malo awiri odutsa m'mphepo aja, mapepala ambiri angosiya mpata woyera.